Mmene Amayi Anatsanzikirana ndi Golosale

Senderani kuno, adzukulu anga, muike kaye pansi timafoni tanuto, ndikuuzeni za agogo anu aakulu, mayi anga ondibala ine, amene ambiri mwa inu munangowaonera pa chithunzi. Inu mwabadwa mapeyala akugwa okha kuseri kwa nyumba, nsungwi zikuwerama ndi mphepo kumalire, mbuzi zikulira m'khola, ndiye mumayesa kuti pakhomo pano panali chonchi chiyambire. Ayi ndithu. Pano panali patsala, pamiyala yokhayokha, ndipo zonse mukuzionazi zinabwera chimodzichimodzi, chilichonse chaka chake, china chikutsegulira chinzake njira.

Makolo a amayi anali Alomwe, a m'gulu lija linawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa misonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo achonde a m'munsi mwa phiri ali kale m'manja mwa azungu, poti tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje mu 1891, pa esiteti ya Lauderdale, ndipo chaka ndi chaka minda yake inkangotambalala. Wofuna pomanga nyumba ankakhala pamalo a esiteti n'kumalipira ndi thukuta lake. Ndiye thangata uja mumamuwerenga m'mabuku a kusukulu. Munthu wa pathangata sankadzala mtengo ndi mtima wonse, chifukwa sankadziwa ngati adzakhalepo pothyola zipatso zake. Amayi anakulira m'moyo umenewo, ndipo njala ya 1949 inawapeza ali namwali. Ankatiuza kuti chaka chimenecho anaona amuna akuluakulu akuyenda mudzi ndi mudzi, ndalama atamanga pakansalu, osapeza wowagulitsa ngakhale mbale imodzi ya chimanga, pamene nkhalamba yomwe inali ndi mizere ingapo ya chinangwa kuseri kwa nyumba inkagona itadya. Zimenezo sizinawachoke m'mutu mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ine ndinabadwira kukomboni. Abambo ankagwira ntchito mufakitale, ndipo akamabwera madzulo tinkawathamangira kuti tinunkhize malaya awo, omwe ankatuluka fungo lokoma la tiyi wongouma kumene. Amayi ankathyola masamba, dengu lili kumsana, timasamba tiwiri ndi kansonga kake, kuyambira m'bandakucha mame asanakamuke mpaka nthawi yokayeza pasikelo. Nthawi ya dzinja, tiyi akuphuka, ntchito inali mbwee. Chilimwe chikafika ambiri ankauzidwa kuti akapume. Ndalama inkabwera, inde, koma inkafika itagawidwa kale, poti kabuku ka ngongole ka kugolosale kankadikira pakhomo. Ufa wogula, nyemba zogula, usipa wogula, ngakhale tomato mmodzi wogula. Amayi ankati ndalama ya tikiti ndi mlendo wogona usiku umodzi, m'mawa watsanzika.

Dziko litangolandira ufulu mu 1964, thangata atatha, amalume, amene anali eni mbumba, anakagwada kwa anyakwawa n'kutipemphera malo kuno, kufupi ndi mtsinje wa Likhubula, moyang'anana ndi thanthwe la Chambe. Malowo anali a amayi monga mwa mwambo wathu, abambo n'kukhala akamwini. Sanali aakulu, ndipo dothi lake linali lofiira, lokokoloka, loti ukaponya khasu linkalira pamwala. Abambo atawaona anafuna kusiya ntchito sabata yomweyo kuti adzalimbane nawo, koma amayi anakana. Anati, "Bambo a ana, musathamange. Inu gwirani tikiti, ine ndigwire khasu. Tsiku limene nkhokwe idzakuitanani, mudzamva nokha." Kenaka anaika lamulo lawo, limene tonse tinakula tikuliimba: chaka chilichonse pakhale chinthu chimodzi chimene nyumba ino yasiya kugula.

Anayamba ndi ndiwo, chifukwa ndizo zosachedwa. Kuseri kwa bafa la udzu, kumene madzi osamba ankayenderera, anatipula kadimba n'kufesa mpiru, anyezi ndi pwetekere. Kumunda anatiletsa kupalira bonongwe, chisoso ndi luni. Ankati izo ndi ndiwo zimene Chauta anadzala yekha, mwana wozizula sadziwa kuthokoza. Nkhwani ndi chitambe zikachuluka m'mwezi wa Malichi, ankazifutsa pang'ono, kuziyanika pamphasa, n'kuzimanga m'zikwatu za masamba a msuku, zomwe ankazipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzizilondera. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anzathu akudyera nsima mchere, ife tinkamasula chikwatu, ndipo fungo la mfutso wotendera linkafika mpaka kunjira. Mtedza wa m'mphepete mwa munda ndiwo unatichotsera botolo la mafuta, poti amayi ankasinja nsinjiro mumtondo waung'ono, kusefa palichero, n'kutendera chilichonse. Therere lokha ndilo linkafuna chidulo, chomwe ankachicheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho.

Chaka chotsatira chinali cha chinangwa ndi mbatata. Mitengo ya chinangwa anachita kupempha kwa anzawo a kumpingo, mtolo uno kwa uyu, mtolo uwo kwa uyo, n'kuibzala malo onse amene chimanga chinkakana. Ankachitcha nkhokwe ya pansi, yomwe mbala siiona msanga ndipo nankafumbwe saifika. Masamba ake tinkasinja chigwada, mizu yake tinkasenda n'kuyanika makaka pathandala. Koma kuyanika makaka kuno kwathu n'kolimbana ndi chiperoni, kamvula kowaza kaja kochokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique, kamene kamabwera mu Juni ndi Julaye phiri lonse n'kubisala m'nkhungu. Amayi akangoona Chambe wavala mtambo ankakuwa, ndipo tonse tinkataya masewera n'kuthamanga ndi madengu, chifukwa makaka akanyowa amachita nkhungu n'kuda. Kumalire anadzala kalongonda, chakudya cha makolo awo. Ameneyo saphikidwa ndi munthu wopupuluma: amafuna kuwira tsiku lonse, madzi ake kutaya, kuthira ena, kutayanso, apo ayi amazunguza mutu. Tsiku lophika kalongonda amayi sankachoka pamoto, ndipo ife tinkazungulira nkhali ija kufunsa ngati wapsa mpaka atatithamangitsa ndi mthiko.

Nandolo ndiye anali mnzawo wapamtima. Ankamudzala pakati pa chimanga, ndipo chimanga chikakololedwa iye ankatsala m'munda yekha, wobiriwira, mizu yake itapita pansi kukafuna chinyezi, masamba ake akuyoyoka n'kumanenepetsa nthaka. Wamuwisi tinkaphika ndi makoko ake n'kumadya titakhala padzuwa. Wouma amayi ankapera pamphero n'kuphika chipere. Mitengo yake inali nkhuni za miyezi ingapo. Wotsala ankagulidwa ndi anthu otumidwa ndi Amwenye a ku Limbe, omwe ankamutumiza ku India, ndipo ndalama ya nandolo amayi sankalola kuti ilowe mumphika. Inkasungidwa m'chitini, ndipo m'chitinimo ndimo munatuluka malata a nyumba ino, awiri chaka chino, atatu chaka chamawa, akuunjikidwa kuseri kwa chitseko mpaka anakwana denga.

Ziweto zinayamba ndi msoti umodzi wa nkhuku umene azakhali anandipatsa ine, koma amayi anaulanda mwaulemu, amvekere, "Nkhuku ndi yako, mazira ndi a nyumba." Zinaswana mpaka bwalo kudzaza, kenaka chitopa chinadutsa m'mudzi nyengo yotentha n'kusesa zonse kupatula ziwiri. Amayi sanalire. Anangoti chiweto cha mtundu umodzi n'chosadalirika, ndipo anawonjeza abakha ndi nkhunda, abambo n'kumanga khola la nkhunda pamwamba pa nsanamira zinayi, lomata ndi dothi. Mbuzi yoyamba sinali yathu. Inali yoikiza, ya munthu wina wa kutsidya amene analibe woidyetsa, pa pangano loti mwana woyamba ndi wa mwini wake, wachiwiri ndi wa woweta. Ine ndi mlongo wanga tinkaimweta udzu m'mawa uliwonse tisanapite kusukulu, manja atazizidwa, tikudandaula chamumtima kuti tikuvutikira mbuzi ya eni. Koma amayi sankayang'ana mbuziyo. Ankayang'ana zimene inkagwetsa. Anauza abambo kuti amange khola lam'mwamba, la timitengo totalikirana pang'ono, kuti ndowe zizigwera pansi, ndipo Loweruka lililonse tinkazikokola n'kupita nazo kudzenje.

Dzenje la manyowa lija, adzukulu anga, ndilo linali mtima wa pakhomo pano. Pansi ankayala mapesi oduladula, pamwamba pake masamba aawisi, kenaka ndowe, kenaka phulusa la kukhitchini ndi dothi pang'ono, n'kuwaza madzi, n'kuyambanso chimodzimodzi mpaka dzenje kudzaza. Pakati ankazika ndodo, ndipo pakapita masiku ankaizula n'kuigwira: ikatentha, ankamwetulira kuti manyowa akupsa, ikazizira, tinkadziwa kuti mawa kuli ntchito yotembenuza. Miyala imene tinkatola m'munda sitinkaitaya, koma kuindanda m'mizere yopingasa chitunda kuti madzi a mvula azifika pansi atatopa, ndipo m'zigwembe zimene madzi anakumba kale amayi anadzalamo nthochi. Patapita zaka zingapo dothi lofiira lija linayamba kuda, khasu n'kumalowa mosavuta, nyongolotsi n'kumatuluka. Alangizi ankabwera pa njinga kudzatiphunzitsa za feteleza ndi chimanga chahaibulidi, makamaka ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, chaka chomwe kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Amayi ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando ndi thobwa, ndipo feteleza ankagulako pang'ono chaka chimene chitini chalola. Koma mbewu yamakolo sanaitaye. Pokolola ankasankha zisononkho zazikulu, zodzaza mpaka kunsonga, n'kuzipachika pamwamba pa moto. Ankati chimanga chamakolo n'cholimba, chimakonoleka bwino mumtondo osaphwanyika, ndipo anankafumbwe amachita nacho ulesi.

Mitengo ndiyo inawonetsa kuti amayi afika pawo. Munthu amene anakula osaloledwa kudalira mtengo anadzala mango, mapeyala, malalanje, mapapaya ndi magwafa, ndipo m'munsi mwake anandandalika chinanazi, chomwe chimakonda dothi la kuno kuposa la kwina kulikonse. Mabulugamu anawaika kutali, kumalire a kumtunda, chifukwa amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera kanthu. Nsungwi anadzala phata limodzi lokha, koma m'phata limenelo munatuluka nkhokwe, malichero, madengu ndi mipanda ya zaka zonsezi. Masiku amenewo amayi ambiri ankalawirira kuphiri kukatola nkhuni, kubwerako dzuwa litapendeka, makosi atauma ndi mitolo, ndipo m'njira ankakumana ndi amuna otsika ndi matabwa a mkungudza pamutu, fungo lake likutsalira m'mbuyo. Chitseko cha chipinda cha amayi n'cha mkungudza umenewo, ndipo mukachipala ndi chikhadabo chimanunkhirabe, ngakhale kuti kuphiriko mitengo yake ikuluikulu inatha ndi macheka. Amayi anasiya kukwera phiri mabulugamu awo atakula, ndipo atakalamba anakondwa kwambiri ndi mbaula yadothi ya Chitetezo, imene inayambira kuno ku Mulanje, poti ndi timitengo tochepa ta nandolo nyemba zinkapsa.

Madzi anatipeza m'zaka za m'ma 1970. Boma linabweretsa mapaipi, koma ngalande tinakumba tokha, mudzi uliwonse chigawo chake, amuna ndi akazi, makasu ali m'mwamba, nyimbo zili pakamwa. Panalibe injini kapena magetsi. Madzi ankangotsika okha kuchokera m'mitsinje ya kuphiri mpaka pampopi wa pakati pa mudzi, ozizira mpaka mano kuwawa. Nthawi imene amayi ankataya popita kumtsinje anaipereka kudimba la kumunsi, komwe kunali kasupe wosaphwa, ndipo kumeneko abambo anakumba dziwe laling'ono n'kuikamo makumba ndi chilunguni. Nsombazo zinkadya madeya otsala popeta mphale ndi masamba a mbatata, ndowe za mbuzi zinkabiriwitsa madzi, ndipo pophwetsa dziwe matope ake ankapita m'mabedi a mpiru. Pakhomo pano panalibe chinthu chotchedwa zinyalala. Makoko a nthochi anali a mbuzi, madzi otsukira mbale anali a mpapaya, phulusa linali la dzenje ndi la nyemba zosunga mumtsuko.

Yesero lalikulu linabwera ndi tiyi yemweyo. Mu 1967 boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority kuti anthu akumudzi nawonso azilima tiyi pa minda yawo, ndipo anzawo a abambo a mbali ya kummwera kwa phiri analowa ambiri. Abambo, poti ntchitoyo ankaidziwa, mtima unadyokoka. Anakambirana usiku wonse pakhonde, ife tikumvetsera mwakabisira m'nyumba. Amayi sananyoze tiyi, poti ndiye anatilera, koma anafunsa funso limodzi lokha: "Munda wathu ndi womwewu. Tiyi akadzaza pano, zaka zodikira kuti ayambe kuthyoledwa ana adzadya chiyani, nanga mtengo wake ukadzagwa tidzaphika masambawo?" Abambo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anaseka n'kunena kuti mkamwini satsutsana ndi mwini munda.

Ntchito abambo anaisiya cha m'ma 1974. Chaka chimenecho ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi ya ku Joni inagwa ku Francistown, Amalawi ambiri n'kufera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa bungwe la Wenela kulembanso anthu opita kumigodiko. Amuna anabwerera kumudzi ambirimbiri, ndi mawailesi, njinga ndi masuti, koma patangopita miyezi yochepa anayamba kugulitsa katunduyo mmodzimmodzi n'kumakaima pamzere kuzipata za maesiteti. Abambo anabwera tsiku lina Loweruka, anazungulira nkhokwe ziwiri zodzaza, anasuzumira m'khola, anakaima padziwe, n'kubwera kudzakhala pamphasa. Anati, "Make ana, nkhokwe ija yandiitana. Malo anga kufakitale atenge wina amene alibe munda." Amayi anapha tambala tsiku limenelo, ndipo ife ana tinadya chiwindi, chinthu chimene sichinkachitika wamba.

Musaganize kuti tinasiyiratu kugwira ndalama. Mchere, sopo, machesi, palafini, singano ndi nsalu zinkagulidwabe, ndipo panali fizi ya sukulu, msonkho wa abambo, ndi khadi ya chipani imene popanda iyo sunkalowa mumsika. Amayi ankasenza chinanazi, nthochi ndi mazira kupita nazo pa Chitakale, n'kubwerako ndi timapaketi tochepa tokwana m'kansengwa. Shuga ankagula pa Khirisimasi pokha. Masiku ena onse phala linkatsekemera ndi uchi wa mumng'oma umene abambo anapachika mumtengo wa mango. Kusiyana kwake kunali koti tsopano ankapita kumsika ngati wogulitsa, wokhoza kukana mtengo woipa n'kubwerera ndi katundu wake, chifukwa kunyumba kunali chakudya.

Musaganizenso kuti kudzidalira kwa amayi kunali kodzitsekera mumpanda. Tonde wokwera mbuzi zathu anali wobwereka, mbewu ya mbatata inkayenda khomo ndi khomo, ndipo pomanga nkhokwe kapena pofolera nyumba amayi ankaphika thobwa mbiya ziwiri, anthu n'kubwera ndi zikwanje zawo, poti mutu umodzi susenza denga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo itakula ku Mozambique, anthu othawa anadzaza Mulanje yense. Amayi akamva Chilomwe cha kwawo kwa makolo pakamwa pa mayi wobereka mwana, ankamulowetsa kukhitchini asanamufunse dzina, ndipo pochoka ankamusenzetsa makaka ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa. Ankati kupatsa n'kuika, ndipo n'zoona, chifukwa ena mwa anthu amenewo atabwerera kwawo ankatitumizira nyemba ndi mpunga kudzera pa Muloza.

Chilala cha 1992 chinapsereza chimanga chili chofika m'chiuno, ndipo njala ya 2002 inafika poti anthu ankagona pamizere ya misika ya chimanga, ena n'kumadya mizu ya nthochi. Zaka zonse ziwirizo pakhomo pano nsima inasintha mtundu, kuchoka yoyera kupita yakuda ya ufa wa makaka, koma moto sunazime, ndipo pamphasa ya amayi pankakhala ana ambiri kuposa amene anabala. Pambuyo pake, iwo atagona kale, matenda a chisaka anatha nthochi za m'zigwembe zija, monga anachitira ku Thyolo ndi Mulanje yense, ndipo tinachita kuzula zonse n'kuyambanso ndi mbewu yatsopano. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anagumula mapiri n'kutenga abale athu ambiri kuno ndi ku Phalombe. Dimba ndi dziwe zinakwiririka ndi mchenga, koma mizere ya miyala ija, yomwe tinaionjezera udzu wa vetiva, inagwira dothi la munda wa kumtunda, ndipo chinangwa chinatidyetsa mpaka tinaimanso.

Ndikudziwa chimene mukufuna kunena: malo anachepa. N'zoona, munda umene unali wa mayi mmodzi lero wagawidwa kwa ana aakazi ndi adzukulu, aliyense kachigawo kake, ndipo thumba la feteleza lafika pa mtengo woti munthu ugulitse mbuzi zingapo. Ena mwa inu muli ku Blantyre, m'nyumba za lendi, mukugula ngakhale nkhwani. Koma amayi sanayambe ndi munda waukulu. Anayamba ndi madzi a kubafa ndi njere za mpiru zokwana pachikhatho, mwamuna wawo akadali pa tikiti. Sanasiye ntchito kuti ayambe kulima, koma analima mpaka ntchito inakhala yosafunika, ndipo zinawatengera zaka khumi, poti pang'onopang'ono ndi mtolo. Choncho usiku uno aliyense aganize chinthu chimodzi chimene nyumba yake isiye kugula chaka chino, kaya ndi anyezi wa m'thumba la simenti pakhonde, kaya ndi mazira. Mbuzi yanga yaikazi ija ili ndi bere, ndipo ndidzaiikiza kwa mdzukulu amene ayambe kumanga khola lam'mwamba. Pangano ndi lomwe lija: mwana woyamba ndi wanga, wachiwiri ndi wake, ndowe zonse ndi zake.